Miyezi Yanga pa Khonde la Atelala

Chifuwa chinandiyamba m'nyengo yozizira, chaka changa chachitatu ku Durban. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito za m'gadeni ku Queensburgh, kutchetcha kapinga, kusadza mipanda ya maluwa ndi kusesa masamba pamakomo angapo. Kugona ndinkagona ku Point, m'fulati yakalekale pafupi ndi doko, chipinda chimodzi ine ndi anzanga anayi, tonse a kumudzi. Kwathu ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, ndiye kuzizira kwa ku Durban ndinkangokuseka. Ndinkati kachimfine aka katha kokha.

Sikanathe. Ndinamwa madzi a mandimu ndi jinja, ndinagula mabotolo a mankhwala a chifuwa pa sitolo ya mankhwala, koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo wilibala yomwe kale ndinkakankha ndi dzanja limodzi inayamba kundilemera. Za kuchipatala sindinkafuna kuzimva. Masiku amene anandidindira m'pasipoti pa malire anali atatha kalekale, ndipo m'chipinda mwathu tinali ndi nkhani zambiri za zomwe zimachitikira munthu wopanda mapepala akafika pawindo la chipatala. Wina ankati kalaliki amaimbira apolisi iwe ukadali pamzere. Wina ankati amakulandira bwinobwino, kenako amakupatsa bilu yoti ngakhale ugulitse munda wa amayi ako sungaimalize. Palibe mmodzi wa ife amene anapitako. Tinkangobwereza zomva.

Tsiku lina ndikuthirira maluwa kwa gogo wina wachizungu, ndinatsokomola n'kuona magazi padzanja. Gogoyo anali pakhomo la khitchini ndipo anaona. Sanakalipe. Anangoti ndipite ndikaonane ndi dokotala, ndisabwerenso kufikira nditachira. Madzulo ake anzanga a m'chipinda anandikhazika pansi. Sindiwaimba mlandu. Mmodzi ankaphika mu lesitilanti, wina anali atangoitanitsa mkazi wake kuchokera kumudzi, ndipo tonse tinkapuma mpweya umodzi m'kachipinda ka windo limodzi. Anandiuza mwaulemu, maso ali pansi, kuti ndiyambe kufunafuna kwina.

Mawa lake ndinatenga thalauzi langa la kutchalitchi n'kupita nalo kwa atelala. Sindikudziwa chimene chinandipangitsa kuganiza za thalauzi pa tsiku ngati limenelo. Mwina n'chifukwa chakuti ndi chinthu chokhacho chimene ndikanatha kukonza. Linkandivuka ngakhale nditamanga lamba pa bowo lomaliza.

Atelalawa anali bambo wachikulire wa ku Mangochi, Msilamu, amene anafika ku Durban ife tisanadziwe n'komwe kuti kuli Joni. Anali ndi kashopu pansi pa nyumba yosanja, pakati pa saluni ndi malo okonzera mafoni. Tonse tinkangowatchula kuti atelala. Ife m'misewu tinkanong'onezana Chichewa, tikaona anthu tikusintha msanga kupita ku Chizulu chathu chothyokathyoka, koma iwo ankachilankhula mokweza chitseko chili chotsegula, Chichewa cha kumwera chokoka ngati akuimba, chosakaniza ndi Chiyao.

Anandizunguliza tepi m'chiuno, anayang'ana manambala, kenako anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali.

"Achimwene, thalauzi ili ndingalichepetse lero. Koma mwezi wamawa mudzabwera nalonso. Mwapitako kuchipatala?"

"Mapepala ndilibe, bambo."

"Ndafunsa za mapepala ine?"

Ndinakhala pa kampando ka makasitomala n'kuwauza zonse, za magazi, za ntchito, za chipinda. Iwo ankamvetsera akusomola mapini pakamwa n'kumawabaya pa kapilo.

"Ine ndili ndi shuga," anatero. "Mwezi uliwonse ndimakatenga mankhwala pa kiliniki ya boma apa. Mawa ndi tsiku langa. Tipitira limodzi. Pasipoti yanuyo mutenge, ngakhale yatha."

Tinafika geti lisanatsegulidwe, mzere utakhota kale m'mbali mwa mpanda. Panali amayi obereka ana m'matawulo, azigogo okhala pa zidebe zomwe anabwera nazo, ndi mayi wina wogulitsa tiyi ndi magwinya, mandasi akuluakulu a kuno. Atelala ankapereka moni kwa aliyense m'Chizulu chawo cha Chiyao, ndipo anthu ankawayankha kuti "Yebo, baba," ndiye kuti "Inde, bambo," ngati munthu wa pakhomo. Ine ndinali nditaloweza mayankho anga m'Chizulu ngati mwana wokalemba mayeso.

Pawindo panali mtsikana wa zikhadabo zopaka utoto wobiriwira. Zikhadabo zimenezo ndimazionabe mpaka lero, chifukwa ndinkaziyang'anitsitsa kuti ndione ngati zitembenuze masamba kukafika pa chidindo chija. Zinatsegula tsamba la chithunzi lokha. Anakopera dzina langa, anandifunsa kumene ndimakhala, ndipo ine ndinacheukira atelala, pakuti kumene ndinkakhala anali atandipempha kuti ndichoke.

"Amakhala kwa ine," anatero atelala kumbuyo kwanga, n'kutchula nambala ya fulati yawo.

Mtsikanayo analemba, anandibwezera pasipoti pamodzi ndi khadi la kiliniki, n'kuitana wotsatira. Ndinaima pomwepo osakhulupirira kuti zatha, mpaka mlonda atandimva ndikutsokomola anandipatsa chophimba pakamwa n'kundilozera benchi ya panja, pansi pa denga la malata, pomwe pamakhala odwala chifuwa.

Amene ankayang'anira mbali imeneyo anali namwino wamkulu wa Chizulu, mayi wathupi, wa mawu omveka mpaka pageti, magalasi ake olendewera pa tcheni pachifuwa. Aliyense ankawatchula kuti asista. Anandifunsa kuti ndinayamba liti kutsokomola, ndipo nditawauza anavula magalasi n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Eish! Miyezi yonseyi unali kuti?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinkaopa chifukwa ndilibe pemiti, komanso ndalama ndinalibe. Anandiyankha m'Chizulu chosakaniza ndi Chingelezi, pang'onopang'ono kuti ndimve.

"Tamvera, mwana wanga. Ine sindigwira ntchito pa malire. Pa kiliniki ya boma munthu salipira, kaya ndi wa kuno kaya ndi wa kunja. Ngati ili TB, mankhwala ake ndi aulere mpaka utachira. Ndipo usaganize kuti ndikukuchitira chifundo. Ukapanda kuchira ukatsokomolera mdzukulu wanga m'takisi."

Anandipatsa timabotolo tolavuliramo makhololo, ananditenga magazi, n'kundiuza tsiku lobwera. Nditabwerako anati ndi TB ndithu, koma ya mtundu womva mankhwala. Anandilembera kalata yoti ndikajambulidwe pachifuwa kuchipatala chachikulu. Kumeneko n'kumene ndinaona kuti nkhani za m'chipinda mwathu zija sizinali zabodza zonse. Kuchipatala chachikulu anthu amawagawa m'magulu malinga ndi zomwe amapeza ndi mapepala omwe ali nawo, ndipo bambo wa pawindo, iyeyu atatembenuza masamba onse a pasipoti, anati munthu ngati ine ndiyenera kulipira mtengo wonse. Ndinatembenuka kuti ndizipita. Atelala anandigwira mkono, anatenga kalata ya asista ija n'kuiyala pawindo, chala chili pa zilembo ziwiri zija za TB. Bamboyo anapita kukafunsa kwa akuluakulu ake, anabwerako osatiyang'ana, anadinda, n'kutilozera njira.

Vuto linatsala linali la pogona. Asista ankafuna munthu woti aziona ndi maso ake kuti ndameza mankhwala tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Atelala atakweza dzanja, asista anawadzudzula pamaso pa benchi yonse.

"Inu baba, ndi shuga wanuyo? Mukufuna ndikhale ndi odwala awiri?"

"Ndili ndi khonde, sista. Mphepo ya kunyanja imalowa mbali iyi n'kutulukira mbali iyo. Ngakhale nsalu sindiyanikapo, zimauluka."

Anakangana kanthawi, kenako asista anawayeza nawonso, anawalamula kuti masabata oyamba asamakhale nane chipinda chimodzi, mbale yanga ikhale yangayanga ngati akufuna, koma chachikulu mawindo asatsekedwe.

Fulati ya atelala inali pamwamba penipeni pa shopu. Ankakhala okha, akazi awo ndi ana anali ku Mangochi. Khondelo linali lotchingidwa ndi magalasi, ena osweka, ena kulibiretu. Anachotsapo matumba a zidutswa za nsalu, anayala matiresi, anakhoma msomali wopachikapo malaya. Kutalika kwake kunali kongokwanira ine nditagona, mapazi akukhudza khoma.

Ndakhalapo m'nyumba zabwino kuposa pamenepo, koma palibe malo ku Durban amene ndimawasowa ngati khonde limenelo. Kutsogolo kwake kunali nyumba ziwiri zazitali, ndipo pakati pake panali mpata. Mumpatamo munkaoneka madzi a pakhomo pa doko ndi phiri lobiriwira la kutsidya. Sitima ikamalowa sinkaoneka yonse nthawi imodzi. Inkayamba mphuno, kenako chikhoma cha makontena chodutsa pang'onopang'ono ngati sichidzatha, kenako mchira ndi mbendera, pambuyo pake timaboti tokankha. Ine mwana wa kumapiri, amene madzi aakulu ndinkangowaona m'damu la mthirira, ndinkatha tsiku lonse ndikuyang'ana mumpatamo. Pansi panga makina a atelala ankalira, n'kusiya, n'kuliranso, ndipo ndinafika pozindikira ndi khutu ngati akupinda miyendo ya thalauzi kapena akuika zipi.

Mankhwalawo anali mapilitsi akuluakulu ofiirira. Tsiku loyamba lomwe nditapita kukataya madzi, ndinaona mkodzo uli wofiira. Ndinatsika masitepe n'kukaima pakhomo la shopu.

"Bambo, magazi aja tsopano akutulukira kwina."

Atelala anaseka mpaka kutsamira pa makina. Anati asista anandiuza zimenezi iwo ali pomwepo, kuti mankhwalawo amasintha mtundu wa mkodzo, ndipo ine ndinayankha kuti "yebo, sista" katatu konse.

"Chizulu chanu cha yebo chidzakuphetsani, achimwene. Mukapanda kumva muzifunsa."

Mapilitsiwo ankandichititsa nseru, choncho asista anati ndiziyamba ndadya kaphala pang'ono. M'mawa uliwonse atelala akabwera kumzikiti ankaphika phala la ufa wa chimanga n'kuthiramo chiponde, ankaliika pa mpando pakhomo la khonde, iwo n'kuima chapatali atavala chophimba pakamwa chimene anadzisokera ndi chidutswa cha chitenje cha maluwa achikasu. Ndikameza ankati ndiyasamule aone. Ndinali bambo wa zaka zoposa makumi atatu, koma ndinkayasamula.

Mwezi wachiwiri wa mankhwala anga unakumana ndi Ramadani. Asista anali atawachenjeza kale kuti ndi shuga wawo komanso mapilitsi omwe ankamwa, kusala kudya tsiku lonse n'koopsa. Iwo anangoti, "Ndamva, sista," ndipo ndinadziwa kuti nawonso ali ndi yebo wawo. Phala ankandiphikirabe, koma popeza sakanatha kulawa, tsiku lina linkabwera lamchere ngati madzi a m'nyanja, tsiku lina lopanda kanthu. Ndinawapempha kuti ndiziphika ndekha, poti mphamvu zinali zitayamba kubwerera.

"Amene analembedwa kwa asista ndi ndani, inu kapena ine?" anandifunsa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina masana makina anasiya kulira ndipo sanayambenso. Ndinadikira, ndikuganiza kuti mwina akucheza ndi kasitomala, koma kunalibe mawu. Nditatsika ndinawapeza atakhala pansi, msana uli pa khoma, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Ankalankhula zosagwirizana, akundiitana dzina la mwana wawo. Ndinakumbukira zomwe ndinamva asista akuwauza za shuga wotsika. Ndinathamangira ku saluni, mayi wa kumeneko anasungunula shuga m'kapu ya madzi, ndinabwera nayo n'kuwagwirira pakamwa. Anatembenuza mutu.

"Dzuwa lisanalowe ayi."

"Bambo, imwani."

"Kwatsala pang'ono."

Sikunatsale pang'ono, dzuwa linali lidakali pamwamba pa mafulati. Ndinangonena chimene chinandibwerera m'mutu.

"Mukapanda kumwa, inenso mawa mapilitsi sindimwa. Mukawauze nokha asista."

Anandiyang'ana ndi maso ofiira, okwiya ndithu, kenako anamwa. Patapita kanthawi manja anasiya kunjenjemera. Sanandilankhule madzulo onsewo. Lachisanu lake anakafunsa kwa ashehe a kumzikiti kwawo, ndipo anabwerako nkhope itamasuka. Anati awauza kuti munthu wa matenda osatha ngati iwo sakakamizidwa kusala, m'malo mwake azidyetsa wosauka mmodzi tsiku lililonse la mwezi wosala.

"Ndawauza kuti zimenezo n'zosavuta," anatero akuvula nsapato. "Wosaukayo ndili naye kale pa khonde."

Asista atanena kuti sindingapatsirenso munthu, moyo wa pa fulati unasintha. Ndinayamba kudya nawo pa mphasa imodzi, kutsika ku shopu kukathandiza kuchotsa mazipi akufa ndi kusoka mabatani. Lamlungu ankandidzutsa iwo kuti ndisachedwe kutchalitchi, malaya anga atawasita kale ndi ayironi ya ku shopu. Za chipembedzo sitinakanganepo. Mkangano wathu unali wa mpira ndi wa nsomba, chifukwa iwo ankati nsomba za m'nyanja ya mchere zilibe kukoma, ndipo munthu wa ku Ntcheu alibe ufulu woyankhapo pa nkhani ya nsomba.

Masiku opita ku kiliniki ndinafika powayembekezera. Pa benchi ya panja ija tinali anthu omweomwewo mwezi ndi mwezi. Panali bambo wa Chizulu amene ankanyamula katundu padoko, mayi wa ku Kongo wolondera magalimoto kunyanja, ndi mkulu wina wachimwenye woonda ngati ndodo amene ankabwera ndi nyuzipepala n'kumatiwerengera nkhani za mahatchi othamanga. Palibe ankafunsa mnzake kuti unabadwira kuti. Funso linali lakuti uli mwezi wachingati. Asista ankatiyeza pa sikelo yomwe inali pakhomo, ndipo munthu akanenepa ankalengeza mokuwa, benchi yonse n'kuwomba m'manja. Amene watsika ankamulowetsa mkati n'kutseka chitseko, ndipo tinkamva mawu awo kudzera m'khoma. Mkulu wachimwenye uja anasiya kubwera mwezi wanga wachinayi. Titafunsa, asista anangopukusa mutu n'kuitana wotsatira. Wa padoko uja anagula nyuzipepala ulendo wotsatira, koma palibe amene ankadziwa kuwerenga za mahatchi.

Nditamaliza mankhwala, makhololo anga atapezeka oyera, asista anandigwira masaya ndi manja onse awiri ngati mwana n'kunena kuti asadzandionenso pa benchi yawo. Ku Queensburgh makomo ena anali atapeza anthu ena, koma gogo wachizungu uja anandilandira, gadeni yake itasanduka tchire. Ndinakhalabe pa khonde miyezi ina ingapo, ndipo ndinachoka pokhapokha nditapeza kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Sydenham, kuti mkazi wanga abwere kuchokera kumudzi.

Zaka zinapita. Mwana wathu wamkazi anabadwira m'chipatala cha boma, katemera yense analandirira pa kiliniki ya ku Sydenham, ndipo palibe anatibweza. Amalawi atsopano akamanong'onezana nkhani za apolisi a pawindo, ndinkawauza zomwe ndinaona ine. Loweruka masana ndinkakwera takisi kupita ku Point kukacheza kwa atelala. Point yomwe inkasintha. Nyumba zina anazigwetsa, zina anazipenta n'kuika alonda pakhomo, lendi inakwera, ndipo ambiri a ife anasamukira kwina. Atelala tsitsi linayera, maso anayamba kuchita khungu moti ulusi ndinkawalowetsera m'singano zingapo kuti ziwakwanire sabata. Asista anapuma pa ntchito, koma anasanduka kasitomala wawo. Ankabwera ndi mayunifolomu a amayi a kutchalitchi kwawo, ndipo ankakanganabe, tsopano za kolala ndi mabatani.

Kenako kunabwera nyengo ya anthu oima pa mageti. Sanali a chipatala, sanali apolisi. Anali magulu a anthu wamba amene ankafika m'mawa n'kuima pakhomo la kiliniki, aliyense wolowa n'kumuuza kuti aonetse chitupa cha dziko lino. Atelala anandiimbira foni Lachiwiri lina, mawu ali otsika, kuti awabweza kawiri ndipo mapilitsi atsala ochepa. Ndinapempha tchuthi kwa abwana n'kupita nawo.

Mzere unali womwewo, mayi wa magwinya anali yemweyo, koma anthu sankachezanso. Pageti panali anyamata ndi amayi angapo. Atelala anatulutsa khadi lawo la kiliniki, lakale, lomata ndi selotepi, pamodzi ndi pemiti yawo, chifukwa iwo mapepala anali nawo abwinobwino. Mayi wina, wamsinkhu wa mwana wawo, sanazigwire n'komwe.

"Izi ayi, baba. Chitupa cha kuno. Ngati mulibe, kuli zipatala zolipira."

Atelala anamuuza m'Chizulu chawo chija kuti akhala akubwera pamenepa kuyambira iye asanayambe sukulu. Mayiyo anayankha kuti n'chifukwa chake amayi ake amadikira tsiku lonse osaonana ndi namwino. Sankakuwa. Ankalankhula ngati munthu wotopa amene watsimikiza mtima. Ndinayang'ana pamzere, pomwe panali anthu amene kale ankati "Yebo, baba." Ena anayang'ana pansi, ena pa mafoni. Mlonda wa kiliniki anali mkati mwa mpanda, akuyang'ana kumbali. Gogo mmodzi yekha ndi amene anang'ung'udza kuti zimenezi n'zamanyazi, koma mawu ake sanapite patali. Ine ndinali chete, chifukwa m'thumba mwanga munali pasipoti yoipa kuposa yawo. Atelala anabweza makhadi m'thumba la mkanjo, anakonza chisoti, n'kunena kuti, "Tiyeni, achimwene, ntchito ikudikira."

Loweruka lake asista anabwera ku shopu ndi thumba la mabulauzi. Ine ndi amene ndinawauza, atelala akundiletsa ndi maso. Asista anakhala pansi, anavula magalasi. Kenako anafunsa kuti mapilitsi atsala angati.

Lolemba anafika m'mawa atavala yunifolomu ya kutchalitchi, bulauzi yosokedwa ndi atelala omwewo, chipewa chili pamutu. Anawakola atelala mkono ngati akupita nawo kuukwati. Ine ndinatsalira kutsidya kwa msewu, pafupi ndi mayi wa magwinya. Sindinamve zonse, koma mawu a asista anali asanakalambe. Ndinamva akunena kuti anagwira ntchito pakhomo limenelo moyo wawo wonse, kuti lamulo la pa kiliniki akulidziwa ndipo silinasinthe, kuti bambo awa ndi wodwala wawo. Mnyamata wina anayesa kuyankha, asista anamufunsa kuti ndi mwana wa ndani, ndipo zinapezeka kuti amene anamubaya katemera ali mwana ndi iwo. Anthu pamzere anaseka, kuseka koyamba m'mawa umenewo, ndipo awiriwo anadutsa.

Mwezi wotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndipo zinathekanso. Koma pobwerera atelala anandiuza kuti ulendo wachitatu sudzakhalapo.

"Mayi aja miyendo ikuwavuta, amakwera matakisi awiri kuti afike kuno. Ndipo ine ndakula, achimwene. Sindingamalowe m'chipatala atandigwira pamkono ngati ndaba. Maso nawo atha. Ndikapume kwathu."

Ndinawauza kuti kumudzi mankhwala amasowasowa m'zipatala, kuti anthu a pageti aja adzatopa. Anavomera kuti zonsezo n'zoona, koma anali atauza kale akazi awo kuti akonze nyumba. Anamwino a pa kiliniki anawalembera kalata yofotokoza matenda awo ndi mankhwala omwe amamwa, yoti akaonetse kwawo, n'kuwapatsa mapilitsi oyambira. Makina anatumiza pa lole ya Amalawi onyamula katundu. Iwo anakwera basi m'mawa wina wa mvula yowaza, atavala jekete limene anadzisokera zaka zambiri zapitazo. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundisiyira makiyi a shopu ndi ntchito imodzi, yoti ndipereke kwa eni ake zovala zomwe anamaliza kusoka koma zinali zisanatengedwe.

Ndinakhala m'shopu yopanda makina masiku awiri a Loweruka, chitseko chili chotsegula. Anabwera anthu amene sindinkawadziwa n'komwe, oyendetsa matakisi, atsikana a m'mabala, wapolisi wina wa thalauzi lokulitsidwa m'chiuno, mayi wa ku Kongo uja wa pa benchi, amene tinazindikirana n'kukumbatirana. Aliyense ankafunsa kuti baba ali kuti, ndipo ndikawauza ankaima kaye, chovala chili m'manja, asanatuluke. Mabulauzi a asista ndinakapereka ndekha kunyumba kwawo, ndipo sanandilole kuchoka ndisanadye.

Chinatsala chovala chimodzi, jekete la suti lotuwa, la munthu wamapewa aakulu, limene atelala analiika nsalu yatsopano mkati. Panalibe chizindikiro cha mwini wake, ndipo atelala nawonso dzina lake anali ataliiwala. Ndinauza a ku saluni kuti munthu akadzafunsa amupatse nambala yanga, ndipo jeketelo ndinapita nalo ku Sydenham, komwe lili m'pulasitiki kuseri kwa chitseko mpaka lero. Atelala amaimba foni mwa apo ndi apo. Amandiuza za miyendo yawo, za mwezi umene mankhwala anapezeka ndi mwezi umene anachita kugula, za zidzukulu zomwe zikuwasokonezera ulusi. Ndipo asanadule amafunsa ngati mwini jekete uja anabwera. Ndikati ayi, amati ndisalipereke kwa wina aliyense, ndiziliyanika panja nthawi zina kuti lisachite nkhungu, chifukwa munthuyo analipira kale.